Mwakwanitsa zaka 10 ku UK? Umu ndi mmene mungakonzere umboni wa ILR ya long residence

Chimene chimagwetsa anthu ambiri akwathu pa ILR ya zaka khumi (Indefinite Leave to Remain, chilolezo chokhazikika mu UK chopanda tsiku lothera) ndi madeti. Munthu zakazo wakhaladi, misonkho walipira, mlandu alibe, koma kalata ya Home Office, unduna woona za maviza, ikubwera yoti panali masabata angapo omwe analibe viza, kapena ulendo wina wa kumudzi unapyola masiku ololedwa, basi amukana ndipo ndalama ya apulikeshoni ija siibweranso. Ndalama yake si yochepa abale, mu April 2025 inafika £3,029 pa munthu mmodzi ndipo imangokwerabe. Nde musanatsegule n'komwe fomu yopemphera ILR imeneyi, yotchedwa SET LR, khalani pansi mukonze mbiri yanu tsiku ndi tsiku.

Njira imeneyi ndi ya amene mwakhala zaka 10 zotsatizana muli ndi chilolezo, olo mavizawo akhale osiyanasiyana, mwina munabwera pa student, kenako Graduate, kenako ya ntchito kapena ya banja. Komanso dziwani kuti mu 2025 boma la UK linalengeza maganizo osintha malamulo a settlement, ndiye kuti opezera ILR, kuphatikizapo kuchotsa long residence ngati njira payokha ndi kukweza mlingo wa Chingerezi, choncho tsiku lomwe mukuyamba ntchitoyi tsegulani GOV.UK muwerenge Appendix Long Residence mmene ilili tsikulo. Ngati zaka zanu zakwana kale, musazengereze.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Pasipoti yomwe mukugwiritsa ntchito pano, ndi mapasipoti onse akale omwe munakhala nawo pa zaka khumizi, ngakhale odulidwa pakona aja
- Ma BRP (makadi a viza) akale ngati munasunga, ndi akaunti ya UKVI, nthambi ya maviza ya Home Office, yoti mukutha kulowamo n'kuona eVisa, viza yanu ya pa intaneti
- Makalata ndi maimelo onse a Home Office
- Nambala yanu ya National Insurance ndi polowera pa akaunti ya HMRC, bungwe la misonkho
- Kompyuta kapena kope lalikulu lolembamo madeti
- Chojambulira mapepala, foni ya kamera yabwino imakwana
- Ndalama ya fomu, ya mayeso awiri a pa sitepe 5, ndi ina yapadera ya loya ngati mbiri yanu ili ndi pokayikitsa

1. Pemphani fayilo yanu ku Home Office, miyezi ingapo nthawi isanakwane

Ambiri sadziwa kuti muli ndi ufulu woona zomwe Home Office inalemba za inu. Imatchedwa Subject Access Request (SAR), ndi yaulere, mumapempha pa GOV.UK pomwepo. Lamulo limati ayankhe pa mwezi umodzi koma kawirikawiri amachedwa, nde pemphani kukadali miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Mukapempha ya basic amakutumizirani chidule cha mbiri ya maviza anu ndi maulendo anu olowa ndi kutuluka a zaka zisanu zapitazi. Ngati munakanidwapo viza, munapangapo apilo, kapena panali chisokonezo chilichonse, pemphani ya detailed kuti muone fayilo yonse.

Chifukwa chake n'chakuti woyang'ana apulikeshoni yanu adzagwiritsa ntchito zomwe zili mu kompyuta yawo, osati zomwe inu mukukumbukira. Bola muzione inu kaye.

Chenjezo: musadikire yankho la SAR mpaka viza yanu kutha. Kupempha fayilo sikutalikitsa viza ngakhale ndi tsiku limodzi.

2. Lembani mndandanda wa maviza onse, muone ngati pali mpata

Apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Zaka khumizi zili ngati tcheni cha njinga, pakaduka malo amodzi okha njinga siyenda olo tcheni chonsecho chikhale chatsopano. Pangani mizere isanu: mtundu wa viza, tsiku lomwe munatumiza apulikeshoni, tsiku lomwe anayankha, tsiku loyambira, tsiku lothera. Yambani kuwerenga pa tsiku lomwe munatera ku UK, chidindo cha pa Heathrow kapena Manchester chija, osati tsiku lomwe anakumatirani viza mu pasipoti mudakali ku Lilongwe kapena ku Lusaka.

Kenako pa viza iliyonse dzifunseni funso limodzi: kodi yotsatirayo ndinaipempha iyi isanathe? Ngati inde, mtima pansi. Pali lamulo lotchedwa section 3C la mu Immigration Act 1971 lomwe limati mukapempha nthawi isanathe, chilolezo chanu chimapitirira mpaka atayankha, olo atenge miyezi isanu ndi itatu, ndipo miyezi yodikirayo imawerengedwa mu zaka khumi. Mapepala anu atha kuoneka ngati pali mpata pomwe palibe. Umboni wake ndi imelo yotsimikiza kuti munatumiza ndi kulipira tsiku lakuti, ifufuzeni mu maimelo akale, ngakhale mu adiresi ya Yahoo ija munasiya kalekale.

Ngati munapempha viza itatha kale, apo ndiye pofunika kusamala. Kuyambira 24 November 2016 amatha kukhululukira masiku 14 okha, pakhalenso chifukwa chomveka chomwe simukanachitira mwina, kale anali masiku 28. Ndipo olo akhululuke, masiku omwe munalibe chilolezowo sawerengedwa mu zaka khumi, ndiye tsiku lanu lokwanitsa limasunthira kutsogolo.

Nthawi yomwe munali pa viza ya visitor, ya short-term student kapena ya seasonal worker siwerengedwa. Ya immigration bail, belo ya imigireshoni yomwe amapereka kwa munthu wopanda chilolezo, nayonso ayi. Amene munayamba mwabwera kudzacheza kwa achibale kenako n'kudzabweranso pa student, miyezi yochezayo muichotse.

Chenjezo lalikulu: curtailment. Koleji yanu kapena kampani yomwe inakupangani sponsor ikalandidwa laisensi, kapena mukasiya ntchito, Home Office imafupikitsa viza, nthawi zambiri kusiya masiku 60. Kalatayo imapita ku imelo kapena adiresi yomwe ali nayo, ngati munasamuka osawauza simuiona, inu mukuyendabe ndi khadi lolembedwa chaka cha mawa pomwe kwa iwo viza inatha kale. Fayilo ya SAR ndi yomwe imaulula zimenezi.

3. Werengani masiku onse omwe munali kunja kwa UK

Malamulo apa ndi awiri, kutengera nthawi yomwe ulendo unayamba.

Maulendo omwe anayamba isanafike 11 April 2024: ulendo umodzi usapyole masiku 184, ndipo onse pamodzi asapyole masiku 548.

Maulendo oyamba pa 11 April 2024 kupita kutsogolo: musapyole masiku 180 pa miyezi 12 iliyonse. Tamverani bwino, sikuti January mpaka December ayi, ndi miyezi 12 iliyonse yotsatizana, kuyambira paliponse. Tiyerekeze munapita kumudzi November 2024 n'kukhala masiku 100, kenako July 2025 kwagwa maliro mwapitanso n'kukhala masiku 90. Mukawerenga chaka ndi chaka zikuoneka zabwinobwino, koma maulendo awiriwa ali mkati mwa miyezi 12 imodzi, ndi masiku 190, mwapyola.

Amawerenga masiku athunthu okha, tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera sawerenga.

Tsopano madetiwo muwapeza kuti? UK sidinda pasipoti potuluka, nde mudalira zidindo za kwathu, za pa Kamuzu International Airport, Chileka, kapena Kenneth Kaunda kwa abale a ku Zambia. Yalani mapasipoti onse patebulo pounikira bwino, muzitsegula tsamba ndi tsamba, chifukwa zidindo sizidindidwa motsatana, china cha 2019 chikhoza kukhala pamwamba pa cha 2016, inki yofufuma, nambala ya tsiku yosaoneka ngati ndi 3 kapena 8. Kumbukiraninso kuti ndege yopita kwathu simakhala ya dairekiti, mumanyamuka London madzulo, kudutsira Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kufika Lilongwe mawa lake. Chidindo cha ku Malawi chikati 15, ku UK munachoka pa 14. Pa fomu lembani tsiku lomwe munachoka ku UK. Pomwe chidindo sichikuwerengeka, fufuzani tikiti mu imelo, kapena sitetimenti ya banki yoonetsa tsiku lomaliza kugula chinthu ku UK ndi tsiku loyamba mutabwerera.

Tiulendo tating'ono musatiiwale, wikendi ya ku Paris, ukwati wa ku Johannesburg, msonkhano wa tchalitchi. Zonse zilembedwe.

Ngati munapyola chifukwa cha zovuta zenizeni, malamulo ali ndi mpata: matenda oopsa a inuyo kapena a wachibale wapafupi, imfa ya wachibale wapafupi, kapena kusokonekera kwa maulendo chifukwa cha mliri, nkhondo kapena ngozi zachilengedwe. Ambiri anatsekeredwa kumudzi mu 2020 ndege zitaimitsidwa chifukwa cha Covid. Koma pakamwa pokha sakhulupirira. Pafunika setifiketi ya imfa yochokera ku National Registration Bureau, kalata ya chipatala yokhala ndi chidindo ndi madeti, maimelo a kampani ya ndege oonetsa kuti ulendo wanu unalephereka ndiponso kuti munkayesetsa kubwerera. Izi uzani achibale kumudzi ayambe kuthamangira pano, mukudziwa nokha mmene mapepala amachedwera kutuluka. Ndipo kunena zoona, kukhala miyezi isanu ndi iwiri chifukwa munkayang'anira ntchito yomanga nyumba, amenewo sadzawatenga ngati mavuto.

4. Sonkhanitsani umboni wa chaka ndi chaka

Umboni woyamba ndi mapasipoti ndi mbiri ya maviza. Ngati izi zili zonse komanso zoyera, simufunika katoni ya mapepala. Koma ngati pasipoti ina inasowa, kapena inatsala ku Immigration pokonzetsa yatsopano, kapena pali chaka chomwe sichikuoneka bwino, muyenera kuonetsa mwanjira ina kuti munali m'dzikomo. Ine ndimalimbikitsa aliyense kukhala ndi mapepala awiri kapena atatu ochokera malo osiyana pa chaka chilichonse, omwazikana m'chakamo, osati onse a mwezi umodzi.

Amphamvu kwambiri ndi ochokera ku boma ndi mabungwe odziwika: ma P60 omwe mumalandira chaka cha msonkho chikatha pa 5 April, ma P45, mapeyisilipi, mbiri ya National Insurance, mabilu a council tax, kalata ya yunivesite yonena madeti omwe munaphunzira, kalata ya kwa GP yonena tsiku lomwe munalembetsa ndi masiku omwe munaonana ndi dokotala. Pa app ya HMRC mumapeza mbiri ya ntchito ya zaka zisanu zapitazi, zakumbuyo kwake mumapempha padera. Kenako masitetimenti a banki oonetsa kugula zinthu tsiku ndi tsiku, mapangano a lendi, mabilu a magetsi, gasi ndi madzi. Mabanki sasunga masitetimenti mpaka kalekale ndipo akaunti yotsekedwa imavuta kwambiri, pemphani msanga.

Makalata a abusa kapena a anzanu amathandiza kungowonjezera, paokha ndi opepuka.

Vuto lomwe ambiri timakumana nalo ndi la zaka zoyambirira, nthawi ija munthu umagona m'chipinda chobwereka m'nyumba ya wachibale kapena mnzako, bilu iliyonse ili m'dzina la mwini nyumba, lendi ukupereka pamanja. Zaka zimenezo dalirani sukulu, GP, banki ndi HMRC. Amene mukadali kutali ndi zaka khumi, yambani lero kuika dzina lanu pa council tax kapena bilu imodzi.

Onaninso maina. Ngati pasipoti yakale ili ndi dzina la kwa bambo anu ndipo yatsopano ili ndi la kubanja, ikani setifiketi ya ukwati. Ngati kalembedwe kanasiyana, pena Chimwemwe pena Chimwenwe, fotokozani mu kalata. Pepala lililonse lomwe silili mu Chingerezi, mwachitsanzo kalata ya amfumu ya mu Chichewa kapena setifiketi ya Chipwitikizi ya ku Mozambique, limasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka, alembe dzina lake, deti, momupezera ndi mawu otsimikiza kuti wamasulira zoona.

5. Lembani mayeso awiri aja

Ngati muli ndi zaka 18 mpaka 64 mufunika Life in the UK Test. Mafunso 24, mphindi 45, mukhoze 18, mtengo £50, kubukitsa pa GOV.UK basi osati mawebusayiti ena omwe amawonjezera ndalama. Dzina pobukitsa lifanane ndendende ndi la pa chiphaso chomwe mupite nacho, apo ayi akubwezani pakhomo ndalama n'kupita.

Achiwiri ndi Chingerezi, mlingo wa B1 polankhula ndi pomva. Inde tinaphunzira mu Chingerezi kuyambira ku pulayimale, koma Malawi, Zambia ndi Zimbabwe sali pa mndandanda wa maiko omwe Home Office imawakhululukira, ndipo MSCE sailandira. Ngati muli ndi digiri ya ku UK imakwana. Digiri ya ku UNIMA kapena UNZA iyenera kutsimikizidwa kaye ndi Ecctis, bungwe lounika madigiri akunja. Apo ayi lembani mayeso a Chingerezi a viza otchedwa SELT kwa ovomerezeka monga Trinity College London, Pearson, LanguageCert kapena IELTS ya UKVI. Chenjezo: IELTS wamba si yomweyo ndi ya UKVI.

6. Sankhani tsiku lotumiza

Mutha kutumiza kukatsala masiku 28 kuti zaka khumi zikwane, osati kale kuposa apo. Changu cha sabata imodzi chikhoza kukudyerani ndalama yonse. Pali lamulo linanso lomwe linabwera mu April 2024: ngati viza yomwe muli nayo munaipatsidwa pa 11 April 2024 kapena pambuyo pake, muyenera kukhala mutatha miyezi 12 pa mtundu umenewo wa viza. Nde amene mwangosintha kumene kuchoka pa Graduate kupita pa Skilled Worker, werengani bwino.

Ngati viza yanu ikutha zaka khumi zisanakwane, olo patsale miyezi iwiri yokha, muyenera kupempha viza ina yoti ikufikitseni. N'zowawa m'thumba koma palibe njira yachidule.

7. Dzazani fomu, nenani zonse

Fomu ndi ya pa intaneti. Madeti muzikopera pa mndandanda wanu uja, osalemba za m'mutu. Pa mafunso a milandu nenani chilichonse, ngakhale za pamsewu, caution ya apolisi, chigamulo cha khoti pa ngongole. Kamlandu kakang'ono kawirikawiri sikamakanitsa, koma kubisa amakutenga ngati chinyengo ndipo kumakutsatirani zaka zambiri. Ngongole ya NHS ya £500 kapena kuposa nayo ikhoza kukukanitsani, lipirani kaye. Amene munapangapo bizinesi yanu, onetsetsani kuti ndalama zomwe munauza HMRC ndi zomwe munauza Home Office pa maviza akale zikufanana.

Lembani kalata yachidule, tsamba limodzi kapena awiri, yokhala ndi mndandanda wa maviza, wa maulendo, ndi kufotokoza paliponse pooneka ngati pali mpata. Mafayilo muwapatse maina omveka, "2018 P60", "pasipoti yakale 2012 mpaka 2022", ndipo pasipoti mujambule masamba onse ngakhale opanda kanthu.

Mkazi, mwamuna kapena ana salowa pa fomu yanuyi. Aliyense ali ndi nkhani yake ndi fomu yake. Apa ndionjezere: mwana wobadwira ku UK yemwe wakhala komweko zaka 10 zoyambirira za moyo wake ali ndi ufulu wolembetsa kukhala nzika ya Britain posatengera mapepala a makolo, bola asakhale kunja masiku oposa 90 pa chaka chilichonse. Makolo ambiri sadziwa zimenezi.

8. Biometrics, kenako dikirani muli m'dzikomo

Mukalipira mubukitsa tsiku ku UKVCAS, malo othandizira opempha maviza, kukajambulitsa zala ndi nkhope. Yankho limatenga mpaka miyezi isanu ndi umodzi, pali super priority ya £1,000 yowonjezera kwa amene akufuna msanga ngati malo alipo.

Chenjezo lomwe ndikupempha mulisunge: musatuluke mu UK, Ireland, Channel Islands ndi Isle of Man yankho lisanabwere. Mukatuluka apulikeshoni imatengedwa ngati mwaichotsa nokha, ndipo ngati munali pa 3C chilolezo chimathera pomwepo. Tikudziwa tonse foni ya usiku ija yochokera kumudzi, ndiye ngati kunyumba kuli wodwala kwambiri, ganizirani za super priority musanatumize, kapena kambiranani ndi abale pasadakhale kuti miyezi imeneyi simutha kuyenda.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kutaya pasipoti yakale. Pokonzetsa yatsopano, kaya kumudzi kaya kudzera ku Malawi High Commission ku London, jambulani kaye masamba onse a yakaleyo ndipo pemphani akubwezereni.

Kudalira malangizo a mu gulupu ya WhatsApp. Mnzanu yemwe anapeza ILR mu 2019 anadutsa pa malamulo ena, zambiri zinasintha mu April 2024. Choipa kwambiri ndi kupereka ndalama kwa munthu wongodziwika kuti "amathandiza mapepala". Ku UK kupereka uphungu wa imigireshoni popanda chilolezo ndi mlandu. Onani ngati munthuyo ali pa kaundula wa Immigration Advice Authority, yomwe kale inali OISC, kapena ngati ndi loya wolembetsedwa, mwachitsanzo ku Solicitors Regulation Authority. Ngati pa sitepe 2 kapena 3 mwapeza mpata kapena masiku opyola, pitani kwa woteroyo musanalipire fomu.

Kuganiza kuti khadi la BRP likadali umboni wa chilolezo chanu cha lero. Makadiwo anatha pa 31 December 2024, pano ndi eVisa. Lowani muone ngati dzina, deti lothera ndi nambala ya pasipoti zili zolondola, koma khadi lakalelo lisungeni, limathandiza pa madeti.

Kusokoneza njira iyi ndi ya zaka 20. Amene anakhalapo opanda mapepala nthawi yaitali mkati mwa zaka khumizo sangadutse pa long residence. Iwo njira yawo ndi ya private life, yomwe kwa akuluakulu imafuna zaka 20 zotsatizana m'dzikomo kaya ndi chilolezo kaya ayi, ndipo simapereka ILR nthawi yomweyo, imayamba ndi chilolezo cha miyezi 30. Kumeneko ndiye umboni wa chaka ndi chaka wa pa sitepe 4 umalemera koopsa, chifukwa palibe mbiri ya maviza yokuikirani kumbuyo, kapepala kalikonse ka ku chipatala kapena risiti yotumizira ndalama kumudzi kali ndi ntchito.

Kuiwala kuti ILR nayo imatha. Mukakhala kunja kwa UK zaka ziwiri zotsatizana imafa yokha, nde amene mukulingalira zokapuma kumudzi nthawi yaitali mukangoilandira, werengerani zimenezo, kapena dikirani miyezi 12 mupemphe unzika kaye, ndipo mndandanda wa maulendo uja mupitirize kuulemba chifukwa fomu ya unzika idzafunsanso madeti omwewo a zaka zisanu zomaliza.